ZA KUKWERA KWA LENDI YA NYUMBA M'MUDZI WA ZOMBA

Mau onenedwa pa msonkhano wa Bungwe ku Mbedza, nalembedwa kuti Mafumu ndi Mamembala amene sanathe kufika awerenge.

Tiyala pamaso panu mlandu umene uli kusautsa anthu ambiri m'mudzi uno wa Zomba, ndiwo mlandu wa nyumba zogonamo ndi mtengo wache. Lendi iri kukwera chaka ndi chaka, ndipo malipiro a anthu sali kuitsata. Olira si amphawi okha ai. Ali kulira aphunzitsi, anamwino, apolisi ndi makalaliki a m'maofesi. Ali kuliranso alendo ochokera ku maiko ena, amene anadza kudzaphunzitsa pa Yunivesite, kudzathandiza m'chipatala, kapena kudzagwira nchito m'mabungwe. Ena a inu mudzaseka pakumva kuti mlendo wa kunja adandaula za lendi, pakuti tinazolowera kuyesa kuti yense wotsika m'ndege ali ndi thumba losatha. Koma tipempha kuti mutimvere kufikira pamapeto, chifukwa dandaulo lache ndi lathu zamangidwa pa chingwe chimodzi, ndipo nsonga ya chingwecho iri m'manja mwanu, inu Mafumu.

1. UMO NYUMBA ZA ZOMBA ZINAKHALIRA KALE

Kuti timvetse za lero tiyenera kuyamba ndi za kale. M'chaka cha 1891 Harry Johnston anaika likulu la Boma lache pa Zomba, ndipo mudzi unamangidwa monga makwerero otsamira phiri. Pamwamba, kumene kuli mphepo yozizira ndi madzi a Mulunguzi, kunali nyumba za Azungu a Boma, za makhonde akulu ndi minda ya maluwa. Pakati, m'mbali mwa mseu waukulu, panali masitolo a Amwenye. Pansi panali malaini a asilikali, a apolisi ndi a makalaliki; ndipo kuseri kwa nyumba ya bwana ali yense kunali kanyumba ka khukhi ndi boyi. Anchito otsala anagona m'midzi yozungulira, nalawira m'mamawa ndi miyendo.

Makonzedwe amenewa anali a tsankho la khungu, ndipo palibe mmodzi wa ife afuna kuti abwererenso. Koma tizindikire chinthu chimodzi: Mzungu wa Boma sanayendeyende kufuna nyumba ya lendi, pakuti Boma linampatsa pogona pamodzi ndi nchito yache. Thumba lache ndi thumba la kalaliki sizinakomane pa msika umodzi. Lero zikomana, ndipo apo ndi pamene pagona nkhani yathu.

2. ANTHU ACHULUKA, NYUMBA ZATSALIRA

Ufulu utabwera m'chaka cha 1964, Boma linakhazikitsa Malawi Housing Corporation kuti imange nyumba za anthu a m'matauni. M'chaka cha 1975 likulu linasamukira ku Lilongwe, ndipo Nyumba ya Malamulo inatsata m'chaka cha 1994. Ambiri anayesa kuti Zomba adzafota monga mtengo wozulidwa, koma sizinatero. M'chaka cha 1973 Chancellor College inachoka ku Chichiri, ku Blantyre, nidza kuno ku Chirunga. Ndipo kuyambira 2021 ndiyo yokha imene isenza dzina la Yunivesite ya Malawi. Zinatsalanso kuno nchito zambiri za Boma: asilikali a ku Cobbe Barracks, ndende yaikulu, chipatala chachikulu ndi chipatala cha odwala misala, ofesi yowerenga anthu, nyumba yosungira makalata akale a dziko, ndi ofesi ya mayeso a sukulu ya MANEB. Nchito iri yonse iitana anthu, ndipo munthu ali yense woitanidwa afuna denga.

Powerenga anthu m'chaka cha 1966, m'Zomba munapezeka anthu osafika 20,000. Powerenga m'chaka cha 2018 anapezeka 105,013, ndiko kuchuluka kasanu ndi kuposa; ndipo kuyambira 2008 Zomba atchedwa mzinda. Koma nyumba zokhala ndi mpopi, magetsi ndi mseu wofikapo galimoto sizinabadwe pa liwiro lomwelo. Malawi Housing Corporation sinathe kumanga molingana ndi opempha, ndipo nyumba zambiri zimene kale zinali za Boma zinagulitsidwa, nizilowa m'manja mwa anthu amene ali ndi ufulu wakutchula mtengo umene aufuna. Ophunzira a pa Yunivesite achuluka koposa mabedi a m'mahositelo, kotero kuti ambiri a iwo agona kunja, makamaka ku Chikanda. Mudzi womwe suthanso kufutukuka mbali zonse, pakuti kumtunda kwache kuli phiri ndi nkhalango ya Boma. Pamene ogula ali khumi ndipo nkhuku iri imodzi, mwini nkhuku safunsa wina mtengo.

3. UMO WINA AKANKHIRA MNZACHE PA MAKWERERO

Tsono taonani umo bvutoli liyendera. Bungwe lalikulu la kunja likafika m'Zomba lifuna nyumba yabwino ku Mulunguzi kapena ku Old Naisi, yokhalamo mkulu wache kapena yoikamo ofesi. Bungwelo sililimbana ndi mtengo, pakuti ndalama zache ziwerengedwa m'madola. Mwini nyumba ya pafupi amva zimene mnzache alandira, nayenso akweza yache. Wina aona kuti kuli bwino kusandutsa nyumba yache malo ogona alendo a masiku awiri kapena atatu odzaona phiri. Motero nyumba za pamwamba zichoka m'manja mwa mabanja.

Pamenepo afika mlendo wa pakati, amene sali wolemera ndipo sali wosauka: mphunzitsi wa pa Yunivesite wochokera ku dziko lina la Africa kapena la kutsidya kwa nyanja, dotolo wodzipereka, kapena wofufuza za maphunziro wokhala ndi mkazi ndi ana. Malipiro a ambiri a iwo ali m'makwacha monga athu, kapena ali kandalama kochepa kochokera kwao. Koma mwini nyumba akaona nkhope yache, kapena akamva malankhulidwe ache, amtchulira mtengo wa bungwe lalikulu lija. Iye sadziwa mtengo weniweni, alibe mbale womnong'oneza, ndipo nchito iri kumdikira. Chifukwa chache atsika makwerero, napita ku Kalimbuka kapena ku Matawale. Kumeneko ndalama imene kwa iye iri yopepukirapo iri yolemera kwa Mmalawi wa pa nchito amene anali kukhala m'nyumbamo. Mwini nyumba apatsa Mmalawiyo notisi, nalandira mlendo. Ndipo mtengo watsopanowo utsala pa nyumbayo ngakhale mlendo atabwerera kwao.

Wotulutsidwayo nayenso atsika. Iye atenga nyumba ya mphunzitsi wa sekondale, mphunzitsi atenga ya namwino, ndipo namwino ndi ana ache apezeka m'kanyumba ka kuseri, komwe kaja kanamangidwira boyi m'masiku a Azungu, kapena m'nyumba ya mdadada ku Chinamwali, ku Sadzi kapena ku Mpondabwino. Ku Chikanda eni nyumba anazindikira kuti ophunzira anai m'chipinda chimodzi, yense wolipira bedi lache, apereka koposa banja limodzi. Kotero banja la wogulitsa pa msika liuzidwa kuti lisamuke. Nanga iye wa pa mtanda wotsiriza wa makwerero atsikira kuti? Iye amanga kanyumba ka zidina m'mphepete mwa Likangala, kapena akwera kukasema malo pa mtsetse wa phiri, pamene makolo sanayese kumangapo.

Akulu a kuno sanaiwale Napolo wa mwezi wa December 1946, pamene mvula yaikulu inagumula mbali za phiri, nikokolola milatho ndi nyumba, nitenga miyoyo ya anthu. Ndipo tonse tinaona namondwe Freddy m'mwezi wa March 2023, amene anapha anthu mazana ambiri m'Chigawo cha Kumwera, makamaka iwo omanga m'mitsetse ya mapiri ndi m'mbali mwa mitsinje. Lendi ikakwera ku Mulunguzi, mapeto ache ndiye mwana wogona m'njira ya madzi. Ichi ndicho chifukwa tinena kuti mlandu uwu suli wa olemera okha.

4. MAU A ENI NYUMBA

Mlandu suweruzidwa pakumva mbali imodzi, ndipo tidziwa kuti pakati pathu pano pali eni nyumba. Ambiri a iwo sali anthu a umbombo. Wina ndi mkulu wopuma pa nchito, amene nyumbayo ndiyo munda wache. Wina ndi mai wamasiye wophunzitsa ana ndi ndalama za lendi. Iwo anena zoona kuti malata, utoto, mipope ndi zitsulo zigulidwa kunja, kapena zipangidwa ndi zinthu za kunja, ndipo mtengo wache utsata dola. Kwacha inatsitsidwa mphamvu m'mwezi wa May 2012, inatsitsidwanso ndi magawo 25 pa 100 m'mwezi wa May 2022, ndiponso ndi magawo 44 pa 100 m'mwezi wa November 2023. Mwini nyumba ali ndi msonkho wa Khonsolo wompenyerera, ndipo denga likadontha aitanidwa ndiye.

Koma tiyese masamu pang'ono. M'mwezi uja wa November 2023 dola imodzi inachoka pa makwacha ngati 1,180 nifika pa 1,700. Tiyerekeze nyumba imene mwini wache anaitchula madola 500 pa mwezi. Dzulo lache inali makwacha 590,000. M'mawa mwache inali makwacha 850,000, ngakhale mwini sanaonjezepo njerwa imodzi kapena kukhoma msomali. Bungwe lolandira madola silinamve kanthu. Koma wolandira makwacha, kaya ndi Mmalawi kaya ndi mlendo, anagona ali wokhoza kulipira nadzuka ali wolephera. Malamulo a ndalama a dziko lino afuna kuti malonda a m'kati mwa dziko atchulidwe m'makwacha, ndipo tiyesa kuti mwambo wakuwerengera lendi m'madola, poyera kapena mobisa, uyenera kutha.

Palinso zizolowezi zina zimene sitingathe kuzibvomereza: kufuna lendi ya miyezi itatu kapena isanu ndi umodzi munthu asanalowe, kukweza kawiri m'chaka chimodzi, kutulutsa banja pakati pa dzinja chifukwa wina walonjeza zambiri, ndi kuleka maejenti kuti alipiritse munthu pakungomuonetsa nyumba imene mwina yatengedwa kale. Kukolola pa nyumba yako ndi chilungamo, koma wokama ng'ombe kufikira magazi sadzakamanso mawa.

5. CHENJEZO LOCHOKERA KU LILONGWE NDI KU JONI

Tikafuna kuona kumene njira iyi ipita, tiyang'ane ku Lilongwe. M'chaka cha 1966 Lilongwe anali wolingana ndi Zomba, wa anthu osafika 20,000. M'chaka cha 2018 anali ndi anthu 989,318. Kumeneko nyumba za ku Area 10, Area 12 ndi Area 43 zinasanduka za akazembe ndi mabungwe a kunja, ndipo anchito a pakati anakankhidwira kutali, kumene atha ndalama ndi nthawi pa minibasi m'mawa ndi madzulo. Minda ya m'midzi yozungulira inadulidwa mapoloti, ndipo ana a eni ache ambiri alibe polima. Zomba sanafike pamenepo, ndipo ndi mwai wathu kuti tiri kuona utsi moto usanafike pa tsindwi lathu. Chaona mnzako chapita, mawa chiri pa iwe.

Tichenjerenso ndi mtima wakuda mlendo. Ana athu ali ku Johannesburg ndi ku Cape Town, kumene alipira lendi yowawa pa kachipinda kamodzi. Ndipo tikumbukira zaka za 2008 ndi 2015, pamene eni dziko ena anaukira alendo, nati ndiwo atha nchito ndi nyumba, kotero kuti abale athu anabwerera m'mabasi ali manja okha. Tisatengere mtima wotero. Mlendo wa pakati sanadze kudzakweza lendi. Iye akankha wa pansi pache chifukwa nayenso akankhidwa ndi wa pamwamba. Akalephera kupeza pogona adzamanga katundu wache napita ku dziko lina, ndipo kalasi idzatsala yopanda mphunzitsi, odwala opanda dotolo. Chomwecho namwino wa kwathu konkuno adzakana kutumizidwa ku Zomba. Makolo anati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Tikampirikitsa ndi mtengo wa nyumba, kalumoko kadzapita naye. Mdani wathu ndiye kuchepa kwa nyumba, ndi kusowa kwa pangano lolungama pakati pa mwini nyumba ndi wokhalamo.

6. MAU KWA MAFUMU

Tsopano titembenukira kwa inu Mafumu, ndi ulemu wonse, makamaka inu a maiko ozinga mudzi uno, a kwa Malemia, kwa Chikowi, kwa Mlumbe, kwa Mwambo ndi kwa Kuntumanji. Nyumba simangidwa m'mlengalenga. Mudzi uli kukulira m'minda ya anthu anu, ndipo tsiku ndi tsiku afika kwa nyakwawa anthu a magalimoto ofuna malo.

Mbiri ya dziko lino itiphunzitsa za kugulitsa nthaka. Azungu oyamba anatenga maiko akulu m'mapiri a Shire posinthana ndi nsalu, mikanda ndi mfuti, ndipo Harry Johnston anawapatsa makalata otsimikiza kuti malowo ndi ao. Zidzukulu za ogulitsawo zinapezeka ziri kulipira lendi pa dziko la makolo ao, ndipo lendiyo inali thukuta lao, ndilo thangata. Kuwawa kwa thangata ku Magomero kunali chimodzi cha zifukwa za nkhondo ya John Chilembwe m'chaka cha 1915. Lamulo la 1928 linayesa kukonza malipiridwe ache. Sir Sidney Abrahams anafufuza mlanduwo m'chaka cha 1946, nalangiza kuti Boma ligule malo a eni minda. Koma thangata silinathe kufikira 1962. Nsalu zija zinang'ambika m'chaka chimodzi, koma kuombola nthaka kunatenga zaka makumi asanu ndi awiri.

Lero ogula sadza ndi mikanda, adza ndi makwacha, ndipo ambiri ndi abale athu omwe. Koma masamu ache ndi omwewo. Banja ligulitsa munda, ligula njinga yamoto ndi malata, ndipo zitapita zaka zisanu ndalama yatha. Wogula uja wamanga mdadada pa mundapo, ndipo mwana wa wogulitsa alipira lendi pamene amai ache analima chimanga. Sitinena kuti mutseke malo, pakuti mukatero nyumba zidzachepa koposa, ndi lendi idzakwera koposa. Tinena kuti malo atseguke mwa nzeru, kotero kuti mudzi upeze nyumba ndipo eni nthaka asasanduke alendo kwao. Lamulo la malo a makolo la 2016 lilola kuti banja lilembetse malo ache ndi kulandira kalata. Ndipo banja lokhala ndi kalata likhoza kubwereketsa mbali ya malowo kwa zaka zowerengeka, nthaka nikhalabe ya mtundu.

7. ZIMENE TIPEMPHA MSONKHANO KUTI UBVOMEREZE

Choyamba: kuti Mafumu ndi nyakwawa alangize anthu ao kulembetsa malo ao, ndi kubwereketsa m'malo mwa kugulitsa, ndipo kuti pasakhale kugulitsa munda wa banja popanda amai, amalume ndi ana akulu kukhalapo ndi kubvomera.

Chachiwiri: kuti podula mapoloti pasiyidwe njira yokwanira galimoto ndi mipope ya madzi, pasiyidwenso manda, madambo ndi magombe a mitsinje, ndipo kuti nyakwawa isapatse munthu malo m'njira ya madzi kapena pa mtsetse woopsa, ngakhale munthuyo apemphe ndi misozi.

Chachitatu: kuti membala ali yense wokhala ndi nyumba ya lendi alembe pangano pa pepala, lotchula mtengo m'makwacha, losalola kukweza koposa kamodzi pa chaka, lopatsa wokhalamo notisi ya miyezi itatu, ndi lonena amene adzakonza denga, mpopi ndi chimbudzi. Ife tiyambe, kuti tikhale ndi nkhope yakuuza ena.

Chachinai: kuti Mlembi wa Bungwe asunge buku la nyumba zopanda anthu ndi mitengo yache dera ndi dera, lotseguka kwa Mmalawi ndi kwa mlendo chimodzimodzi, kopanda malipiro. Mtengo ukadziwika poyera, mlendo sadzanyengedwa, ndipo posanyengedwa iye sadzakwezera mnansi wache.

Chachisanu: kuti tilembe kalata ya ulemu kwa Khonsolo ya Mzinda wa Zomba ndi kwa Malawi Housing Corporation, yopempha mapoloti opimidwa, okhala ndi mseu ndi madzi, pa mtengo umene mphunzitsi ndi namwino angathe, ndi ina kwa akulu a Yunivesite, yopempha kuti mahositelo achuluke, pakuti bedi liri lonse lomangidwa ku Chirunga libwezera chipinda kwa banja la ku Chikanda.

Chachisanu ndi chimodzi: kuti tipemphe mabungwe a kunja okhala kuno zaka zambiri kuti amange maofesi ao ndi nyumba za anchito ao pa malo obwereka, m'malo mwa kulanda ndi madola nyumba zochepa zimene ziripo; ndi kuti alendo odza kudzagwira nchito afunse anzao a pa nchito mtengo woyenera asanabvomere.

Chachisanu ndi chiwiri: kuti mamembala okhala ndi malo koma opanda ndalama asonkhe pamodzi mwezi ndi mwezi, monga achitira amai m'banki m'khonde, namangirane mmodzi mmodzi nyumba zazing'ono zolimba, pakuti mutu umodzi susenza denga.

Bambo wa pa Mpando, sitilonjeza kuti zinthu izi zidzatsitsa lendi chaka chino, pakuti mphamvu ya kwacha siri m'manja mwa Bungwe lino. Koma nthaka iri m'manja mwa Mafumu, mapangano ali m'manja mwa eni nyumba, ndipo cholembera chiri m'manja mwa Mlembi wathu. Zitatu izi tikhoza kuyamba nazo msonkhano wina usanafike. Tipempha Mafumu kuti akambe mau awa ndi nyakwawa zao, ndi kutumiza mayankho ao kwa Mlembi, kuti makalata a kwa Khonsolo ndi kwa Yunivesite apite ndi mau a tonse.

Mau athu athera pamenepa.